Bondo la Ng'ombe ndi Chingwe cha Nayiloni

 Nkhani yathu lero ndi ya bondo la ng'ombe. Wina angaseke nati nkhani yachepa, koma amene ali ndi ng'ombe ziŵiri zokha zapagoli sangaseke, pakuti imodzi ikatuluka m'khola mmaŵa ikuyenda ndi miyendo itatu, goli silivalika, ngolo iima, munda sulimika, ndipo ndalama zimene zimabwera potuta njerwa, mchenga kapena chimanga cha anthu zileka tsiku lomwelo. Kaŵirikaŵiri mathero ake ndi mpeni. Ng'ombe iphedwa, nyama ipachikidwa pamtengo, anansi atenga pangongole nalonjeza kulipira akakolola, ndipo mwini wake apeza ndalama zosakwana kugula ina. Kumaiko ena madokotala a ziŵeto akhala zaka zoposa 50 akuyesa njira ina, ndiyo kutsegula bondolo ndi kuikamo chingwe chopangidwa ndi anthu m'malo mwa mtsempha woduka. Lero tiona kumene nzeru imeneyi inachokera, pamene yafika, ndi chifukwa chake mbiri ya zaumoyo wa ziŵeto kwathu kuno inatsata njira ina.

Tiyambe ndi kulipeza bondolo, pakuti ambiri timaliloza pamene silili. Pa mwendo wakutsogolo, pamene ng'ombe imagwadira ikafuna kugona, timati ndi bondo, koma akatswiri a mafupa amati mfundo imeneyo ikulingana ndi pamene dzanja la munthu limapindikira, povala wotchi paja. Pa mwendo wakumbuyo, mfundo yosongoka yoloza kumbuyo ija ikulingana ndi kakolo ndi chidendene chathu. Bondo lenileni lili pamwamba, pafupi ndi mimba, lobisika m'minofu, pamene fupa la ntchafu limakumana ndi fupa la msongolo. M'kati mwa mfundo imeneyi muli mitsempha iŵiri yoyera, yaifupi ndi yolimba ngati luzi lopota, yopingasana ngati mtanda. Si mitsempha ya magazi ayi. Ndi ija imakana mano tikamadya nyama ya m'mafupa. Wakutsogolo mwa iŵiriyi ndiwo umaletsa fupa la msongolo kuterereka kupita kutsogolo pamene ng'ombe yaponda pansi.

Mtsempha umenewu umaduka nkhunzi ikaterereka pokwera yaikazi, ng'ombe zikamamenyana, chiboda chikakanirira pakati pa miyala thupi likadapitabe, kapena ng'ombe yamkaka ikagwa pa simenti yonyoŵa. Pa nkhunzi zokalamba ndi zolemera, makamaka za miyendo yakumbuyo yowongoka kwambiri, umayamba wafooka pang'onopang'ono kenaka n'kuduka. Ukaduka, mafupa aŵiri aja amayamba kusuntha ndi kupera kachichereŵechereŵe kamene kali pakati pawo. Bondo limatupa, ng'ombe imangogunda pansi ndi nsonga ya chiboda, ndipo nthaŵi zina munthu amamva phokoso la "go, go" ikamayenda. Fupa likathyoka limalumikizana, koma mtsempha uwu sutero, chifukwa umalandira magazi ochepa, umakhala m'madzi a m'mfundo, ndipo nsonga zake ziŵiri zimabwerera uku ndi uku n'kufota. Kuyembekeza kuti upola wokha kuli ngati kuyembekeza chingwe choduka cha pachitsime kuti chidzilumikiza.

Tsopano tibwere kwathu. Neno ndi boma laling'ono pa msinkhu, pakuti linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, koma ng'ombe zinafikako kale kwambiri. Mapiri a Kirk Range, amene amatsika kuchokera ku Ntcheu kutsata malire a Mozambique, ndi dziko limene Angoni a Maseko anayendamo ndi kukhazikikamo m'zaka za m'ma 1800, ndipo Mngoni ndi ng'ombe salekana. Kumtunda, kumene kumalimidwa mbatatesi, tirigu ndi manachesi, ng'ombe imayenda m'zitunda ndi m'miyala. Kumunsi, ku Lisungwi ndi ku Zalewa, kumene mvula imavuta, ng'ombe ndi mbuzi ndizo nkhokwe yeniyeni ya banja chaka chimene chimanga chakana. Ng'ombe zake zambiri ndi zathu zomwe zino za linunda, zimene m'mabuku amazitcha Malawi Zebu, zazing'ono thupi koma zopirira.

Chimene chinayambitsa ntchito ya vetenale mu Afirika muno sichinali mwendo wa ng'ombe imodzi. Unali mliri. Mu 1887 asilikali a ku Italy anatsitsa ng'ombe padoko la Massawa, ku Eritrea, ndipo pamodzi nazo panatsika nthenda ya rinderpest. Inayenda ngati moto wolusa m'tchire la mwezi wa Okutobala. Pofika 1892 inali itafika kumpoto kwa Nyanja ya Malaŵi n'kupulula ng'ombe za Angonde ku Karonga, ndipo mu 1896 inaoloka Zambezi n'kuloŵa ku Bulawayo. M'madera ambiri ng'ombe 9 mwa 10 zilizonse zinafa, pamodzi ndi njati ndi nyama zina zakutchire. Mliri uwu usanaiŵalike, kumwera kwa Afirika kunabuka nthenda ina yofala ndi nkhupakupa, ya East Coast fever. Pofuna kulimbana ndi miliri yotere, boma la Transvaal linamanga malo ofufuzira matenda a ziŵeto ku Onderstepoort, pafupi ndi Pretoria, mu 1908, motsogozedwa ndi Arnold Theiler wochokera ku Switzerland. Mu 1920 pamalo omwewo panatsegulidwa sukulu ya madokotala a ziŵeto. Ngakhale sukulu yoyamba ya mtundu umenewu padziko lonse, imene Claude Bourgelat anatsegula ku Lyon, ku France, mu 1762, inalandira chithandizo cha boma pa chifukwa chomwecho, mantha a mliri wa ng'ombe.

Boma la atsamunda la Nyasaland linatengera maganizo omwewo, ndipo boma la Malaŵi linawalandira mu 1964. Ntchito ya a vetenale inali ya khamu la ng'ombe: dibi lophera nkhupakupa, katemera, chiphaso choyendetsera ziŵeto kuchoka dera lina kupita lina, kuyeza nyama pamsika, kulimbana ndi kashembe. Akuluakulu amene mukumvera mukukumbukira tsiku la dibi, abusa atadzuka kusanache, ng'ombe zikudumphira m'madzi amankhwala imodzi ndi imodzi, mlangizi atagwira buku lake. Alangizi otere ankaphunzitsidwa m'dziko momwe muno, ndipo dzina la Mikolongwe, ku Chiradzulu, limadziŵika ndi aliyense wogwira ntchito imeneyi. Koma dokotala weniweni wa ziŵeto, wa digiri, ankayenera kukaphunzira kunja, ndipo otere anali oŵerengeka m'dziko lonse. M'zaka za m'ma 1990 boma linayamba kusiya madibi m'manja mwa alimi, ndipo ambiri anauma n'kumera udzu. Sukulu ya madokotala a ziŵeto yathuyathu inadza mochedwa, pa yunivesite ya LUANAR, imene inapangidwa pamene koleji ya Bunda inachoka mu University of Malawi mu 2012.

Sindikuŵerenga zimenezi ngati mlandu. Boma lokhala ndi ndalama zochepa likasankha pakati pa katemera wa ng'ombe chikwi ndi opaleshoni ya ng'ombe imodzi, lisankha katemera, ndipo lachita bwino. Rinderpest inalengezedwa kuti yatheratu padziko lonse mu 2011, ndipo imeneyo ndi ntchito ya jakisoni, osati ya mpeni wa dokotala. Koma zotsatira zake n'zakuti mlimi wa ku Neno anazoloŵera kuitana a vetenale ng'ombe ikadwala, ndi kuitana wogula nyama ng'ombe ikatsimphina.

Mbiri ya kusoka bondo inayambira pa anthu. Mu 1895 dokotala wa ku Leeds, ku England, dzina lake Mayo Robson, anatsegula bondo la munthu wa mumgodi n'kusoka mitsempha yake yopingasana ija, ndipo munthuyo anabwerera kuntchito. Zimenezi zinatheka chifukwa cha zinthu ziŵiri zimene zinali zitadza kale: mankhwala ogonetsa munthu, amene anaonetsedwa poyera ku Boston mu 1846, ndi njira ya Joseph Lister yophera tizilombo pabala, imene analemba mu 1867. Popanda ziŵirizi, kutsegula mfundo kunali kuitana imfa. Komabe kusoka nsonga zofota sikunkagwira kaŵirikaŵiri. Mu 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati, Ernest Hey Groves wa ku Bristol anaganiza zina. Anaboola mafupa aŵiri aja, n'kung'amba kachingwe kuchokera ku nembanemba yolimba ya pantchafu ya wodwala yemweyo, n'kukapisa m'mabowomo kuti kakhale mtsempha watsopano. Mlimi aliyense amene anamangapo goli losweka pobooleza ndi kupisamo chikopa angaimvetse nzeru imeneyi. Maopaleshoni ambiri a mtsempha uwu mpaka lero ndi zidzukulu za nzeru ya Hey Groves.

Kwa ziŵeto inafika kudzera pa galu. Mu 1952 Saki Paatsama wa ku Finland analongosola nthendayi mwa agalu, n'kuonetsa kuti njira yoboola mafupa ija ingagwirenso pa iwo. Ng'ombe inatsatira pambuyo pake, ndipo n'zokondweretsa kuti imodzi mwa nkhani zoyambirira inachokera mu Afirika momwe muno: mu 1968 C. F. B. Hofmeyr, mphunzitsi wa opaleshoni ku Onderstepoort kuja, analemba za kukonza mtsempha umenewu m'bondo la nkhunzi. Mu 1971 G. F. Hamilton ndi O. R. Adams analemba zawo m'magazini ya madokotala a ziŵeto ku America. Ena anayesa kusaloŵa m'mfundo konse, koma kungokoka ndi kusoka nembanemba zozungulira bondo kuti zithine, ngati munthu wochepetsa malaya. Mu 1990 W. H. Crawford analongosola njira yotenga kachingwe ku nembanemba ya mnofu waukulu wa kuntchafu ya ng'ombeyo.

Apa ndipo pali mtima wa nkhani yathu, ndipo ndikupemphani kuti mutchere khutu. N'chifukwa chiyani chimene chimatheka pa munthu ndi pa galu chimavuta chotere pa ng'ombe?

Choyamba ndi kugonetsa. Ng'ombe ili ndi chifu chachikulu chimene zakudya zimaŵiriramo usana ndi usiku, n'kumatulutsa mpweya umene imageya osaleka. Mukaigoneka chammbali kapena chagada kwa maola, mpweyawo sutuluka, mimba ifufuma n'kupanikiza mapapo, ndipo zam'mimba zingabwerere kukhosi n'kuloŵa m'mapapomo. Kulemera kwake komwe kumaphwanya minofu ya mbali imene yagonera. Mankhwala a xylazine, amene kampani ya Bayer inapanga mu 1962, anathandiza kwambiri poziziritsa ng'ombe pa ntchito zazifupi, koma opaleshoni ya m'bondo imafuna tebulo lamphamvu, paipi ya kukhosi, makina a mpweya ndi anthu angapo odziŵa ntchito.

Chachiŵiri, chimene chili chachikulu, ndi kudzuka. Munthu akachitidwa opaleshoni amapatsidwa ndodo, nauzidwa kuti asaponde. Galu amayenda ndi miyendo itatu osadandaula. Ng'ombe siimva malangizo, ndipo monga mbusa aliyense adziŵa, imadzuka poyamba ndi miyendo yakumbuyo. Ndiye kuti bondo limene langosokedwa kumene ndilo loyamba kunyamula katundu, tsiku lomwelo. Kachingwe kotengedwa m'thupi kamayamba kafooka kwa masabata angapo kasanalimbe, pamene thupi likukameretsa mitsempha ya magazi. Munthu angadikire nthaŵi imeneyo ali pampando. Nkhunzi ya makilogalamu 900 siidikira, ndipo ikakhala ikulemera pa mwendo winawo kwa nthaŵi yaitali, nawonso umagonja.

Ndicho chifukwa chake madokotala a ng'ombe anatembenukira ku zingwe za m'fakitale, zimene zimakhala zolimba kuyambira tsiku loyamba. Nayiloni inapangidwa ndi Wallace Carothers wa kampani ya DuPont mu 1935, ndipo chingwe chimene madokotala anachipeza choyenera ndi cha mtundu womwe uja asodzi a panyanja zikuluzikulu amawedzera nsomba zolemera. Amachiphika kuti chife tizilombo, amachipinda kangapo kapena kuchiluka, n'kuchipisa m'mabowo a mafupa. Asodzi a ku Matope ndi ku Zalewa angadabwe kumva kuti chingwe cha mbedza chinaloŵa m'chipinda cha opaleshoni, koma ndi mmene zilili.

Madokotala a anthu anali atayenda kale njira yomweyo, ndipo anapsa nayo. M'zaka za m'ma 1970, ku Cardiff, D. H. R. Jenkins anayesa ulusi wa kaboni, poyamba pa nkhosa, kenaka pa anthu. Ulusiwo unkafumbutuka n'kudetsa mfundo ndi tizidutswa takuda. M'zaka za m'ma 1980 kunadza zingwe za Dacron, za Leeds-Keio zopangidwa mogwirizana pakati pa England ndi Japan, ndi za Gore-Tex, zimene boma la America linaziloleza mu 1986. Zaka zoyamba odwala ankayenda bwino, ndipo manyuzipepala anatamanda. Patapita zaka zoŵerengeka zingwezo zinayamba kutha pamene zimakhudzana ndi mlomo wa bowo la fupa, mawondo n'kumatupa, ndipo zambiri zinachotsedwa pamsika. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mtsempha wamoyo umadzikonza tsiku ndi tsiku, koma chingwe cha m'fakitale chimangotha, monga chingwe cha pachitsime chimene chimadyeka pamene chimakhuza mtanda. Pa agalu, Barclay Slocum wa ku Oregon analambalala vutoli mu 1993 podula fupa la msongolo ndi kulitembenuza pang'ono, n'kulimanga ndi chitsulo, kuti bondo lisafunenso mtsemphawo. Koma galu wamkulu amalemera makilogalamu 40 kapena 50, ndipo fupa lodulidwa la ng'ombe yaikulu n'lovuta kuligwira ndi chitsulo chilichonse.

Kufufuza sikunaleke. M'zaka za m'ma 2010 akatswiri ku America anayeza mphamvu ya zingwe za nayiloni zoluka poilinganiza ndi ya mtsempha weniweni wa ng'ombe, ndipo ku Canada madokotala a sukulu ya ziŵeto ya ku Saint-Hyacinthe anagwirizana ndi mainjiniya a ku Montréal kuyesa chingwe choluka cha nitinol, chitsulo chosakaniza nickel ndi titanium chimene chimatamuka n'kubwerera m'malo mwake. Ngakhale zili choncho, mabuku a opaleshoni ya ziŵeto salonjeza zambiri. Ng'ombe ikalemera kwambiri, kapena ikachedwa kufika kuchipatala mfundo itaperekeka kale, mwayi wochira umachepa, ndipo imene yachira imayenera kutsekeredwa m'khola laling'ono kwa miyezi.

Pali chinthu chimodzi choseketsa ndi chomvetsa chisoni nthaŵi imodzi. Ng'ombe yathu ya linunda, imene yaikazi yake imalemera pafupifupi theka la ng'ombe yamkaka ya Holstein, ndiyo ikanakhala ndi mwayi woposa pa opaleshoni yotere, popeza chingwe chikananyamula katundu wochepa. Koma opaleshoniyo imachitika m'zipatala za mayunivesite, pa nkhunzi za mbeu ndi ng'ombe zamkaka zamtengo wapatali, zimene mwini wake amaŵerengera phindu la umuna kapena la ana amene zidzabereke. Kwa ng'ombe ya kwa Mlauli kapena kwa Chekucheku, mtengo wa kuinyamula pa msewu wa fumbi kukafika ku Blantyre, wa mankhwala ndi wa kuidyetsera m'khola miyezi ingapo ungapose mtengo wa ng'ombeyo. Kunena mosabisa, mtsempha wopingasana ukadukadi pa ng'ombe yapagoli, mlimi amene asankha kuigulitsa msanga isanaonde sanalakwe. Kuisunga ikuvutika kwa miyezi itatu n'kuilanga chabe, ndipo nyama yake imatha ndi ululu.

Koma mawu akuti "ukadukadi" ndiwo ofunika, chifukwa si kutsimphina konse kumene kuli kwa mtsempha umenewu. Mabuku a matenda a ng'ombe amati pa ng'ombe 10 zotsimphina, pafupifupi 9 vuto lake lili ku chiboda: munga, msomali, mwala wokanirira pakati pa ziboda, chilonda choola cha nthaŵi ya dzinja. Zonsezi zimachira pochapa, posema chiboda ndi pobaya jakisoni. Ndipo pali nthenda ina ya bondo lomwelo imene imaopsa maso koma ili yosavuta. Kafupa kobulungira ka patsogolo pa bondo kamagwidwa ndi mitsempha itatu, ndipo nthaŵi zina wa mbali ya m'kati umakoleka pamwamba pa mutu wa fupa la ntchafu. Mwendo umauma gwa, wowongoka, wolozera kumbuyo. Ng'ombe imaukoka chiboda chikukhweresa pansi, kenaka mwadzidzidzi umamasuka n'kupindika mofulumira. Zimaonekera kwambiri mmaŵa potuluka m'khola, ndipo zimachepa ng'ombe ikayenda pang'ono. Bondo silitupa kwenikweni, ndipo mwendo ukamasuka ng'ombe imaponda bwinobwino.

Ku India, kumene ng'ombe ndi njati zoŵeta zakhala zikukoka makasu ndi ngolo kwa zaka zikwi, nthendayi n'njodziŵika, ndipo madokotala a kumidzi amaichiza pabwalo. Ng'ombe imamangidwa, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo, amaloŵetsa kampeni pa kabala kakang'ono n'kudula mtsempha wokolekawo. Palibe chingwe cha nayiloni, palibe tebulo, palibe makina a mpweya. Ntchito yonse imatha m'mphindi zoŵerengeka, ndipo kaŵirikaŵiri ng'ombe imadzuka n'kuyenda nthaŵi yomweyo, popeza mitsempha iŵiri yotsalayo imakwanira. Pano ndichenjeze: imeneyi si ntchito ya mpeni wa kukhitchini. Wodula mtsempha wapakati m'malo mwa wa m'kati amapundula ng'ombe mpaka kale, ndipo wolasa mfundo yeniyeniyo amaloŵetsamo mafinya.

Boma la Neno lili ndi zigawo ziŵiri za ulangizi wa zaulimi, cha Neno ndi cha Lisungwi, pansi pa ofesi yaikulu ya chigawo cha Blantyre, ndipo alangizi a ziŵeto amapezeka kudzera m'maofesi ameneŵa. Ng'ombe ikatsimphina ndi mwendo wakumbuyo, ichotseni pagoli tsiku lomwelo, muipatule kwa zinzake, muiike pamalo osaterera pamene pali madzi ndi udzu pafupi. Yang'anani chiboda choyamba, mutachitsuka. Mukapita kwa a vetenale, afotokozereni zinthu zitatu: ngati bondo la pafupi ndi mimba latupa poyerekeza ndi linzake, ngati mwendo umakana kupinda kapena umakana kuponda, ndi ngati kutsimphinako kumachepa kapena kumakula ng'ombe ikayenda. Ndipo musaibaye mankhwala a m'botolo musanaganize zoti mwina iphedwa, chifukwa nyama ya ng'ombe yobayidwa kumene siiyenera kudyedwa mpaka atakwana masiku olembedwa pabotolopo.